Pulagini ndi mlendo amene mwamupatsa makiyi

Pa mawebusaiti 100 aliwonse a pa intaneti, oposa 40 amayendera pulogalamu imodzi, WordPress. Matt Mullenweg ndi Mike Little anaitulutsa mu 2003, ndipo ntchito yake inali yochepa: munthu alembe nkhani, aiike pa intaneti, basi. Mpaka lero WordPress payokha siitha kugulitsa katundu kapena kulandira ndalama. Zimenezi zimabwera ndi timapulogalamu towonjezera totchedwa mapulagini, ndipo pa webusaiti ya WordPress yeniyeniyo pali aulere oposa 50,000.

Njira imeneyi inatseguka mu 2004, pamene WordPress 1.2 inatuluka. Tsamba likamatseguka, pulogalamuyi imafika pamalo ena oikika, otchedwa ma hook, n'kupereka mpata kwa pulagini iliyonse yofuna kuchitapo kanthu. Wolemba pulagini sasintha pulogalamu yaikuluyo, amangokoleka ntchito yake pamalo amenewo. N'chifukwa chake munthu mmodzi wa ku Japan, Takayuki Miyoshi, anatha kulemba Contact Form 7, fomu yotumizira uthenga yomwe lero ili pa mawebusaiti mamiliyoni.

Pulagini imene ndimaikonda kwambiri ndi WooCommerce. Inatuluka mu 2011 kuchokera ku WooThemes, kampani yomwe awiri mwa oiyambitsa atatu anali a ku South Africa, ndipo kampani ya Automattic inaigula mu 2015. Mayi wina wogulitsa zitenje ndinamuikira pulagini imeneyi. Tsiku lomwelo anajambula nsalu zake pa foni, n'kulemba mitengo, madzulo webusaiti yake inali itasanduka sitolo. Chinatsala n'kulandira ndalama, pakuti makasitomala ake ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiye panafunikanso pulagini ina yolumikiza sitoloyo ndi kampani yolandirira ndalama.

Apa m'pamene anthu ambiri amatengeka. Akaona kuti kuika pulagini n'kungodina kawiri, amaika chilichonse: china chozungulitsa zithunzi, china chowerenga alendo, china chosintha mitundu ya zilembo. Koma pulagini iliyonse ili ngati mlendo amene mwamupatsa makiyi a nyumba yonse. Mukangoiyatsa, imatha kufika paliponse pamene WordPress imafika, ngakhale pamene pasungidwa mayina, manambala a foni ndi maoda a makasitomala anu. Wolemba wake akasiya mpata, akuba amalowera pomwepo.

Zinachitikapo mu Sepitembala 2020. Pulagini yotchedwa File Manager, yomwe inali pa mawebusaiti oposa 700,000, inapezeka ndi vuto lolola munthu aliyense kuika mafayilo ake pa webusaiti ya mwini popanda pasiwedi. Eni ake anaikonza n'kutulutsa ina, koma amene anazengereza kuika yokonzedwayo anakhalabe pangozi, ndipo akuba anali atayamba kale kusakasaka.

Zimandipweteka kwambiri ndikaona mnyamata wongoyamba ntchitoyi akuikira kasitomala pulagini yogulitsidwa imene waitenga ulere pa webusaiti yosadziwika. Amati wapulumutsa madola. Zoterezi nthawi zambiri zimabwera ndi khomo lobisika, komanso sizilandira zokonza kuchokera kwa mwini wake. Wovutika pamapeto ndi mwini bizinesi, amene sadziwa n'komwe kuti muli chiyani m'katimo.

Palinso nkhani ya bandulo. Mapulagini ambiri amawonjezera mafayilo amene foni ya mlendo iyenera kukoka tsamba lisanaoneke. Munthu amene wagula bandulo ya tsiku limodzi, netiweki ili yofooka, sadikira. Amatseka n'kukafunsa mtengo pa WhatsApp kwa wogulitsa wina.

Ine ndisanaike pulagini ndimayamba ndaona tsiku limene inakonzedwa komaliza. Ngati papita zaka ziwiri, ndimaisiya, ngakhale ikhale yokongola chotani. Ndimaonanso ngati mwini wake amayankha madandaulo a anthu. Imene yasiya ntchito siyenera kungozimitsidwa, chifukwa mafayilo ake amakhalabe pa seva ndipo akuba amatha kulowerapo, iyenera kufufutidwa. Ndipo ndisanadine batani loika zatsopano ndimayamba ndasunga kope ya webusaiti yonse, pakuti pulagini yatsopano imatha kusemphana ndi ina yakale, tsamba n'kungoyera mbuu makasitomala ali pakati poitanitsa katundu.