Kusintha transfer case: liwiro la nanzikambe, mphamvu ya njovu

Aliyense amene adakwerapo matola m'nyengo yadzinja akudziwa zomwe zimachitika galimoto yodzaza matumba a feteleza ikafika pa chitunda cha miyala. Dalaivala amaponda moto, injini n'kulira ngati ikuphedwa, kenako fungo la kilatchi yopsa n'kudzaza paliponse. Mapeto ake ndi aja akuti amuna tsikani mukankhe, wina athamangire mwala woika kutayala.

Ambiri zikatere amaloza chala injini kuti yatha mphamvu. Komatu nthawi zina injini imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala lakuti galimotoyo ilibe giya yotsika mokwanira yoti iyende pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Apa ndi pomwe pamabwera nkhani ya transfer case, bokosi la magiya lomwe eni galimoto zina za 4x4 amalisintha kuti zizikwera malo ovuta popanda kudzipha.

Kodi bokosili ndi chiyani?

Galimoto ya 4x4 monga Toyota Hilux, Land Cruiser kapena Land Rover ili ndi mabokosi awiri a magiya. Loyamba ndi giyabokosi yomwe tonse timaidziwa. Kumbuyo kwake kuli bokosi lachiwiri, transfer case, lomwe limagawa mphamvu ya injini kupita ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Kandodo kakafupi kamene kamakhala pambali pa ndodo ya giya, kolembedwa H ndi L, n'komwe kamalamula bokosili. M'galimoto zambiri zatsopano m'malo mwa kandodoka muli batani.

Mukaika pa L, liwiro limachepa koma mphamvu yokoka imachuluka. Zili ngati njinga ya magiya. Wakabaza akafika pa chitunda n'kuika tcheni pa giya yaikulu yakumbuyo, amapalasa kambirimbiri, njinga n'kumayenda pang'ono, koma amakwera osatsitsa kasitomala.

Kutsika kwa L kumasiyana malinga ndi galimoto. Hilux zakale, za pakati pa 1979 ndi 1995, zambiri zidali ndi 2.28:1, kutanthauza kuti shafuti yolowa m'bokosi imazungulira kawiri ndi pang'ono kuti yotuluka izungulire kamodzi. Land Cruiser 80 ili ndi 2.488:1, Suzuki Samurai 2.268:1, pomwe bokosi la LT230 la mu Land Rover Defender lili ndi 3.32:1. Nambala ikamakula, ndiye kuti giya ikutsika, mphamvu ikukwera.

Kumene lusoli lidakulira

Mchitidwe wosintha magiyawa udakula kwambiri ku America, makamaka m'chigawo cha California, komwe anthu amakwera miyala ndi galimoto ngati masewero. Kumeneko kuli njira yotchuka ya Rubicon Trail, ya makilomita pafupifupi 35, yodutsa m'mapiri a Sierra Nevada.

M'zaka za m'ma 1990, makaniko wina wa mumzinda wa Fresno, Marlin Czajkowski, adatchuka ndi nzeru yolumikiza mabokosi awiri a Toyota motsogozana, komanso magiya a 4.70:1 olowa m'malo mwa aja a 2.28:1. Kampani yake ya Marlin Crawler idakhala dzina lodziwika pakati pa eni Hilux m'maiko ambiri. Nayo kampani ya Jeep itaona kuti anthu akufuna zimenezi, idatulutsa Wrangler Rubicon ya 2003 yokhala ndi 4:1 kuchokera kufakitale, pomwe ma Wrangler ena adali ndi 2.72:1.

Kwa anzathu akunjawo ndi zosangalatsa za kumapeto a sabata. Kuno kwathu malo ofuna giya yotsika ndi njira zomwe anthu amadutsa ndi odwala, chimanga ndi fodya. Chitsanzo ndi msewu wakale wa Gorodi wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, womwe umadziwika ndi makona ake akuthwa pafupifupi 20. Galimoto yolemedwa ikafika pa kona yotero siyingathamange, koma siyiyeneranso kuzima.

Masamu ake

Pofuna kudziwa kutsika kwenikweni kwa galimoto, amachulukitsa manambala atatu: giya wani, L ya mu transfer case, ndi ya mu difu.

Titenge Hilux yakale yokhala ndi giya wani ya 3.95, bokosi la 2.28 ndi difu ya 4.10. Zikachulukitsidwa zimapereka 37. Ndiye kuti injini imazungulira ka 37 kuti tayala lizungulire kamodzi. Ngati matayala ndi a mainchesi 31 ndipo injini ikuzungulira ka 1,000 pa mphindi, galimoto imayenda makilomita 4 pa ola, pafupifupi mayendedwe a munthu wapansi.

Mukaika magiya a 4.70, nambala ija imafika pa 76 ndipo liwiro limatsika kufika makilomita 2 pa ola. Mukalumikiza mabokosi awiri, la 2.28 ndi la 4.70, imafika pa 174, ndipo galimoto siyikwanitsa ngakhale kilomita imodzi pa ola. Mwana wongophunzira kuyenda akhoza kuipitirira.

Wina angafunse kuti phindu la ulesi woterewu n'chiyani. Loyamba ndi kilatchi. Dalaivala wopanda giya yotsika amachepetsa liwiro poponda kilatchi mwatheka, ndipo imatentha n'kutha msanga. Wa giya yotsika amachotseratu phazi, galimoto n'kumakwawa yokha. Lachiwiri ndi lakuti sipafunikanso kuthamangira chitunda ndi liwiro, zomwe zimathyola masipuling'i ndi kuboola sampu pa miyala.

Lachitatu ndi lokhudza moyo. Potsika phiri ndi katundu, mabuleki akapondedwa nthawi yaitali amatentha n'kusiya kugwira. Giya yotsika imapangitsa kuti injini ndiyo izibweza galimoto, mabuleki n'kumangothandizira. Pa galimoto yomwe kumbuyo kwake kwakhala amayi ndi ana, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Njira zitatu

Njira yoyamba ndi kutsegula bokosi lomwe lilipo n'kusinthamo magiya okha. Pa Hilux, izi zimasintha L yokha, ndipo pamsewu wa tala galimoto imayenda monga kale. Magiya atsopanowo amakhala aakulu moti makaniko amayenera kupala pang'ono mkati mwa bokosi kuti asamakhule. Pa Suzuki Samurai zimasiyana: magiya ogulitsidwa a 4.16:1 kapena 6.5:1 amatsitsanso H, choncho injini imazungulira kwambiri ngakhale pa tala. Izi zimathandiza amene adaika matayala aakulu, koma wa matayala ang'onoang'ono amaona mafuta akutha msanga.

Yachiwiri ndi kuchotsa bokosi lonse n'kuika lina. Apa ndi pomwe ambiri amagwa m'mbuna. Mabokosi a LT230 amaoneka ofanana kunja, ndipo L yake ndi pafupifupi imodzimodzi, koma H imasiyana: 1.410 mu Defender zambiri, 1.222 mu Discovery, ndi 1.667 mu ma 110 ena akale. Munthu wogula bokosi la Discovery kumsika wa zida zakale n'kuliika mu Defender yonyamula katundu sapindula kanthu pa L, ndipo pa H galimoto imayamba kufooka pa zitunda.

Yachitatu ndi ya mabokosi awiri ija. Imeneyi ndi ntchito yaikulu chifukwa bokosi lachiwiri limasunthira kumbuyo. Shafuti yakumbuyo imayenera kufupikitsidwa, yakutsogolo kutalikitsidwa, chitsulo chonyamula bokosi kusunthidwa, ndipo pansi pa galimoto pamaboolanso malo a ndodo ina. Shafuti yowotcheredwa mokhota imanjenjemeretsa galimoto ndi kupha mabering'i.

Zofunika kusamala

Si Hilux iliyonse yomwe imalandira magiya a 4.70. Amenewa ndi a mabokosi akale oyendera magiya okhaokha. Hilux zambiri zatsopano zili ndi bokosi la tcheni la 2.566:1, lomwe kapangidwe kake n'kosiyana. Ngakhale pa akalewo, shafuti yolowa imakhala ya mano 21 kapena 23, ndipo wogula osawerenga amangotaya ndalama. Zida zimenezi zimachokera kunja, ndiye pamtengo wake muonjezerepo ndalama yonyamulira ndi msonkho. Safunsa adadya phula.

Chinanso, mphamvu ikachuluka kawiri, zitsulo zonse za kuseri kwa bokosi zimalandira kawirinso. Tayala likakanirira pakati pa miyala dalaivala n'kuponda moto, chomwe chimathyoka ndi ekiselo, mano a mu difu kapena mfundo za matayala akutsogolo. Giya yotsika imafuna phazi lofatsa.

Tisaiwalenso kuti giya yotsika si mankhwala a matope. M'dambo kapena mumchenga, chofunika ndi matayala a mano abwino, mpweya wochepetsedwa pang'ono ndi loko wa difu. Tayala lotha likamaterereka, kulipatsa mphamvu yambiri n'kungokumba dzenje lakuya. Ndipo pa galimoto monga Hilux, zomwe sizikoka ndi matayala onse nthawi zonse, kuyenda pa tala wouma mutatchera 4x4 kumapotokola mashafuti ndi kuononga bokosi.

Magiya atsopano saonjezeranso kulemera komwe galimoto idapangidwira kunyamula. Tchesisi, masipuling'i ndi mabuleki zimakhala zomwezo. Pikapu ya tani imodzi ikhoza kukoka matani awiri pokwera, koma pa msewu wotsetsereka wa tala, pomwe L siyigwira ntchito, mabuleki ake ndi a tani imodzi basi.

Ndani ayenera kusintha?

Kwa mwini galimoto amene maulendo ake ambiri ndi a pa M1 kapena misewu yafumbi yosalala, kusinthaku n'kutaya ndalama. Ayambe waona ngati L yomwe ali nayo ikugwira, chifukwa m'galimoto zambiri kandodo kaja kadauma kaamba kosagwiritsidwa ntchito, ndipo oyilo wa m'bokosi sadasinthidwepo. Aonenso matayala. Kuchoka pa a mainchesi 29 kupita pa a 33 kumadya pafupifupi 12 peresenti ya mphamvu yokoka, ndipo kubwerera ku saizi yoyenera kukhoza kuthetsa vuto popanda kutsegula bokosi.

Koma kwa amene tsiku ndi tsiku amakwera mapiri a miyala, amene kilatchi imamuthera chaka chisanathe, magiya otsika akhoza kubweza ndalama yake. Apeze makaniko amene adatsegulapo bokosi la mtundu umenewo, asunge zida zakale, ndipo adziwitse kampani ya inshulansi ndi a Road Traffic za kusinthako galimoto isanabwerere pamsewu. Paja akuluakulu adati fulumira adadya gaga.