Tsamba la Mngerezi si la mtengo

Tiyerekeze kuti mnyamata wangolembedwa ntchito pa hotela ina ku Makokola, m'mbali mwa msewu wochoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay. Wachedwa masiku awiri otsatizana, ndipo bwana wake akumuuza kuti "turn over a new leaf". Mawu onse asanu mnyamatayo akuwadziwa, koma akawamasulira limodzilimodzi angopeza tsamba loti alitembenuze. Chomwe wauzidwa n'chakuti asinthe khalidwe ntchito isanamuthere.

Mawu otere timawatcha zining'a, ndipo Chichewa chili nazo zambiri. Mlendo akamva kuti wina watsinidwa khutu angaganize kuti kwachitika ndewu, chonsecho munthuyo wangochenjezedwa mwachinsinsi. Chingerezi chimatisokoneza chimodzimodzi, ndipo kwa ambiri a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi chimabwera ngati chiyankhulo chachitatu, pambuyo pa Chiyao ndi Chichewa. Komabe n'chosathawika: wophunzira salandira satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ndipo wofuna ntchito m'mahotela kapena ku Johannesburg amakumana nacho tsiku lililonse.

Njira yachidule yomvetsera chining'a ndiyo kufunsa kwawo, chifukwa zambiri zinabadwira pa ntchito zimene anthu ankagwira.

Tsamba lija ndi la buku. Wolemba akadetsa tsamba limodzi amatembenuza n'kuyamba pa loyera. Choncho chining'achi chimanena za munthu amene wasiya khalidwe loipa, monga ulesi kapena uchidakwa. Chofanana nacho ndi "a clean slate", chochokera ku sileti imene ana asukulu ankalembapo ndiponso eni sitolo ankasungirapo ngongole. Sileti ikapukutidwa, zakale zaiwalika ndipo munthu wapatsidwa mwayi wina.

"Start from scratch" ndi nkhani ina. Chinachokera ku mzere umene ankaukanda pansi poyambira mpikisano wothamanga, ndipo chimatanthauza kuyamba wopanda kalikonse m'manja. Msodzi amene mphepo ya mwera yamuswera bwato ndi kumutayitsa ukonde sanalakwe khalidwe ayi, kotero iye satembenuza tsamba, amayambira pamzere. Pamene "back to the drawing board" chimanenedwa ngati dongosolo lalephereka ndipo pakufunika kulikonzanso. Chinatchuka ndi chithunzi choseketsa chimene Peter Arno anajambula m'magazini ya The New Yorker mu 1941, chosonyeza katswiri akuchoka ndi mapepala ake kukhwapa ndege itagwa.

Pa zining'a zonena za khama, anthu a kunyanja ali ndi mwayi woposa a m'tauni, pakuti zingapo zinabadwira pamadzi. "Pull your weight" chinachokera kwa opalasa bwato: mmodzi akamapalasa mwamphwayi, kulemera kwa thupi lake kumagwera anzake. Aliyense amene anakokapo chilimira akumudziwa munthu wotere. "All hands on deck" ndi mfuu ya woyendetsa sitima poitana antchito onse nyengo ikaipa, ndipo masiku ano bwana wa hotela angainene alendo akachuluka pa Khirisimasi. Ife tikanangoti mutu umodzi susenza denga. "Learn the ropes" chimakumbutsa za sitima zoyenda ndi mphepo, zimene zinali ndi zingwe zambirimbiri zoti wantchito watsopano azidziwe. Lero chimangotanthauza kuphunzira kayendetsedwe ka ntchito.

"Burn the midnight oil" ndi cha nthawi imene kunalibe magetsi, pamene wophunzira ankatha mafuta a nyali powerenga mpaka pakati pa usiku. Woyang'ana nyali za asodzi a usipa zikuthwanima panyanja usiku savutika kuchimvetsa, ngakhale Angerezi amachigwiritsa ntchito makamaka pa kuwerenga ndi ntchito za muofesi. "Go the extra mile" chinachokera pa Mateyu 5:41. Msilikali wachiroma ankatha kukakamiza munthu kumunyamulira katundu mtunda umodzi, ndipo Yesu analangiza kuti munthuyo awonjezerepo wina. Woperekera zakudya amene wakumbukira kuti mlendo sadya tsabola popanda kukumbutsidwa wachita zimenezi.

Pali misampha itatu yoti ophunzira aipewe. Woyamba ndi kusintha mawu. Chining'a n'chouma: wonena kuti "turn over a new page" kapena "burn the night oil" amamveka ngati amene akuti kutsina mphuno m'malo mwa khutu. Wachiwiri ndi kumasulira miyambi yathu liwu ndi liwu pa chimangirizo cha mayeso. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa ndi nzeru yakuya, koma m'Chingerezi imasanduka nkhani ya ukwati wa mbalame. Ndi bwino kufotokoza ganizolo m'mawu osavuta. Wachitatu ndi kuchulutsa. Kalata yofunsira ntchito yodzaza ndi zining'a imakhala ngati ndiwo zopyola mchere; chimodzi choikidwa pamalo pake n'chokwanira.

Wofuna kuzidziwa asaloweze mndandanda wautali. Akamva chining'a pa wailesi kapena kwa mlendo, achilembe pamodzi ndi chiganizo chonse chimene chinanenedwamo, afufuze kwawo mu dikishonale, kenaka achiyese pa nkhani ya moyo wake. Ziwiri pa sabata zimapitirira 100 pakutha pa chaka.

Ndipo mnyamata wa ku Makokola uja akamvetsa kuti tsamba ndi la buku, sakufunikanso kuyankha ndi chining'a china. Akungofunika kufika pantchito nthawi yake mawa m'mawa.