Kukalambitsa Lata Latsopano

Ku Golomoti ndi ku Mtakataka, munthu akafolera nyumba ndi malata onyezimira, mudzi wonse umadziwa kuti zaulimi zamuyendera. N'chifukwa chake ambiri amadabwa ndikamawauza kuti amisiri ena amachita kukalambitsa dala lata latsopano. Amafuna kuti chikwangwani kapena chitseko cha kabati chioneke chamakedzana, choyenerana ndi malo ngati Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902.

Chimene chimatchinga dzimbiri ndi zinki amene amakutira chitsulo kufakitale. Ntchito yonse yagona pomuchotsa.

Mmisiri amayamba watsuka lata ndi sopo kuti mafuta achoke, n'kulikwecha ndi sandipepa. Kenako amaliyala pansi, kuphimbapo nsanza zonyowa ndi viniga, n'kulisiya usiku wonse. Asidi amadya zinki, kunyezimira kuja kumazilala, lata limasanduka lotuwa. Wofuna kufiira amawaza madzi amchere mobwerezabwereza, kuumitsa padzuwa, kuwazanso. Kutentha ndi chinyezi cha kuchigwa chakunyanja kuno zimafulumizitsa zinthu: timadontho tachikasu timayamba m'mikwingwirima ya sandipepa, kenako timafalikira n'kuderako.

Mtundu ukafika pofunika, amatsukuluza ndi madzi osungunuliramo soda, kuumitsa bwinobwino, n'kupaka vanishi kuti dzimbiri lisapitirire.

Kuwotcha lata pamoto n'koopsa, pakuti utsi wa zinki umadwalitsa. Komanso lata lotere n'lokongoletsera basi. Likakwera padenga, mvula ya zaka zochepa imaliboola.