Lesotho, Dziko la M'mapiri

Kummwera kwa Africa kuli dziko laling'ono lotchedwa Lesotho, limene lazunguliridwa mbali zonse ndi dziko la South Africa. Eni dzikoli ndi Abasotho, chinenero chawo ndi Chisotho, ndipo likulu lawo ndi mzinda wa Maseru. Anthu onse a m'dzikomo angopitirira pang'ono 2 miliyoni.

Lesotho ndi dziko lokwera kwambiri. Malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pamene palekeza nyanja yamchere. Kummawa kuli mapiri a Maloti ndi a Drakensberg, kumene kuli nsonga ya Thabana Ntlenyana ya mamita 3,482, yoposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. M'miyezi ya June ndi July mapiriwa amakutidwa ndi chipale chofewa, choyera ngati ufa. Chifukwa cha kuzizira ndi miyala, midzi ya kumapiri ndi yotalikirana, ndipo anthu ambiri amakhala m'chidikha chopapatiza cha kumadzulo. Munthu wa kumapiri amayenda pa kavalo atafunda bulangete lochindikala.

Mapiri omwewa ndiwo anapulumutsa mtundu wa Abasotho. Cha m'ma 1820 kummwera kwa Africa kunabuka nkhondo zoopsa, zomwenso zinachititsa Angoni kusamuka mpaka kudzafika ku Malawi ndi ku Zambia. M'chaka cha 1824 mfumu Moshoeshoe inasamutsira anthu ake pa phiri la Thaba Bosiu. Phirili ndi lathyathyathya pamwamba, lili ndi akasupe a madzi, koma m'mbali mwake muli maphompho ndi tinjira towerengeka. Adani akayesa kukwera, Abasotho ankawagubuduzira miyala. Anthu othawa nkhondo a mitundu yosiyanasiyana anadza kudzabisala kwa Moshoeshoe, ndipo iye anawalandira, nawapatsa malo ndi ng'ombe. Motero mtundu umodzi unapangika.

Moshoeshoe anali mfumu yodziwa kuti nkhondo siimanga mudzi. M'chaka cha 1833 analandira amishoni a ku France, amene anakhazikika ku Morija nayamba kulemba Chisotho. Koma Mabunu a ku Orange Free State anasirira minda yachonde ya Abasotho, ndipo pa nkhondo za 1858 ndi 1865 mpaka 1868 analanda gawo lalikulu la mindayo. Poona kuti dziko lonse likhoza kutha, mfumuyo inapempha chitetezo kwa Angerezi, ndipo mu 1868 dzikolo linakhala pansi pawo ndi dzina lakuti Basutoland. Moshoeshoe anamwalira mu 1870. Dziko la Lesotho linalandira ufulu wodzilamulira pa 4 October 1966, ndipo mpaka lero lili ndi mfumu, Letsie III.

Abasotho anapulumuka, koma anatsala ndi malo olima ochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse. M'chidikha amalima chimanga, mapira ndi tirigu, koma mvula yakokolola nthaka yambiri ndi kusiya zigwembe zakuya. Kumapiri anyamata amaweta nkhosa ndi mbuzi za ubweya wautali, ndipo ubweyawo umagulitsidwa kunja. Popeza chakudya sichinkakwanira, amuna ambiri ankapita kukagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni, kumene ankakumana ndi amuna a ku Malawi. Kuyambira m'ma 1990 ntchito za m'migodi zinachepa, ndipo mabanja ambiri anayamba kudalira mafakitale osoka zovala a ku Maseru ndi ku Maputsoe. M'mapiri mulinso mgodi wa Letšeng, umene umatulutsa miyala ya dayamondi ikuluikulu.

Chuma china chachikulu cha m'mapiriwa ndi madzi. Mtsinje wa Senqu, umene ku South Africa amautcha Orange, umayambira ku Lesotho. M'chaka cha 1986 maiko awiriwa anapangana kumanga madamu m'mapiri. Damu la Katse, lotalika mamita 185, limatumiza madzi kudzera m'ngalande zoboola pansi pa mapiri mpaka kukafika m'mitsinje yomwetsa mzinda wa Johannesburg. Dziko la South Africa limalipira madziwo, ndipo popita amapukusanso makina a magetsi ku 'Muela. Komabe madamuwa anamiza minda ndi mabusa, ndipo mabanja ena anasamutsidwa pa malo a makolo awo. Mapiri amene anabisa Abasotho pa nthawi ya nkhondo akuwadyetsabe lero, ngakhale kuti sawadyetsa mokhuta.

Mafunso

1. Kodi n'chifukwa chiyani anthu ambiri a ku Lesotho amakhala kumadzulo kwa dzikolo?
2. Fotokozani zinthu ziwiri zimene zinachititsa phiri la Thaba Bosiu kukhala linga labwino.
3. Kodi Moshoeshoe anapempheranji chitetezo kwa Angerezi?
4. Tchulani ubwino ndi kuipa kwa madamu a m'mapiri a Lesotho.