Mwana Akadwala Khansa, Banja Lisasiyidwe Lokha

Mwa mitundu ya khansa imene imagwira ana m'Malawi muno, umodzi wopezeka kawirikawiri ndi wotchedwa Burkitt. Dzinali ndi la dokotala Denis Burkitt, amene anafotokoza za nthendayi m'chaka cha 1958 akugwira ntchito ku Uganda. M'chaka cha 1961 anayendera zipatala za maiko angapo, kuphatikizapo dziko lino, ndipo anapeza kuti nthendayi imachuluka m'madera otentha ndi amvula yambiri, momwenso malungo ali ofala.

Mwana wodwala nthendayi amatupa nsagwada, pafupi ndi diso kapena m'mimba. Chotupacho chimakula msangamsanga, ndipo mano amatha kugwedera. Nthendayi sipatsirana, sibwera chifukwa cha ufiti kapena tsempho, ndipo palibe chimene mayi kapena bambo analakwa. Ana ambiri amachira ngati afika msanga kuchipatala ndi kumaliza mankhwala onse. Chipatala chaching'ono chimatumiza mwana wotere kuchipatala cha boma, ndipo kuchokera kumeneko amapita ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti m'maiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira, koma m'maiko ambiri osauka ochira safika 30. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kulekeza mankhwala panjira. Mankhwala a Burkitt amaperekedwa maulendo angapo, ndipo chotupa chimayamba kuphwa patangopita masiku ochepa. Makolo poona zimenezi amayesa kuti mwana wachira, pamene nthenda ikadali m'thupi. Ikabweranso imavuta kuchiza.

Komabe makolo ambiri salekeza mankhwala chifukwa cha mphwayi. Mayi wodikirira mwana kuchipatala amakhala kumeneko masabata ambiri, maganizo ali kumudzi: kumunda kukumera thengo, ana ena alibe wowaphikira, ndipo ndalama yokwerera basi yatha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, choncho abale ndi anansi ali ndi mbali yawo.

Malume a mwanayo, amene mawu awo amamveka pa mbumba, ayenera kukhala oyamba kunena kuti mwana apite kuchipatala, osataya masiku ndi kuombeza maula. Agogo kapena azakhali asamale ana otsala, aone kuti akudya ndiponso sakujomba kusukulu. Anansi angathe kuchita dima kuti munda wa banjalo ulimidwe ndi kupaliridwa pa nthawi yake. Mfumu ndi magulu a amayi angasonkhetse ufa, nyemba, nsinjiro, sopo ndi kangachepe kokwerera basi. Bambo azipita kukaona wodwala ndi kulandizana ndi mayi, kuti nayenso apumeko.

Mwana akabwerera kumudzi kudikira tsiku lina la mankhwala, angaoneke wofooka, tsitsi litathothoka, kapenanso akusanza. Izi zimachitika chifukwa cha mphamvu ya mankhwala, ndipo tsitsi limameranso. Anzake asamuseke kapena kumusala. Azidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, monga phala lotendera, mazira ndi zipatso, azimwa madzi otetezedwa, ndipo azigona m'masikito. Mankhwalawa amachepetsa chitetezo cha m'thupi, kotero mwana akatentha thupi apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, atanyamula buku lake lakuchipatala.

Pali ana ena amene nthenda yawo imakanika kuchizika. Otere ayenera kulandirabe mankhwala oletsa ululu, ndipo makolo awo amasowa munthu wokhala nawo pansi ndi kumva nkhawa zawo popanda kuwaloza chala.

Tsiku lobwerera kuchipatala limalembedwa m'buku la mwanayo. Ndi bwino kuti malume, mnansi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo alidziwenso, ndipo ndalama ya ulendo ipezeke tsikulo lisanafike.