Zimene Ife Timangoti Ulemu, Chingerezi Chimazigawa

Boma la Mwanza, kwawo kwa mafumu aakulu Nthache ndi Kanduku, ndilo khomo limene ana athu ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amatulukira popita ku Joni. Akadinditsa mapasipoti pa chipata cha Mwanza amalowa ku Zóbuè m'dziko la Mozambique, n'kuwoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete, n'kudzera ku Nyamapanda ndi Harare mpaka ku Beitbridge. Kumene akupitako, m'masitolo ndi m'nyumba za mabwana, ntchito imayenda ndi Chingerezi. Kumeneko mwana woleredwa bwino, amene kwawo sadapatsepo mkulu chinthu ndi dzanja limodzi, angathe kuuzidwa kuti alibe manners, iye n'kusowa pamene walakwa. Mawu otere angamuchotsetse ntchito. N'chifukwa chake tiyenera kuwamvetsa.

Ife tili ndi liwu limodzi lalikulu, ulemu, ndipo pambali pake pali mwambo ndi khalidwe. Chingerezi chidagawa nkhaniyi m'mawu angapo, ndipo lililonse lili ndi malire ake.

Liwu loyamba ndi manners. Muzu wake ndi liwu la Chilatini lotanthauza dzanja, ndipo limanena za kachitidwe ka zinthu zimene mwana amaphunzira pakhomo: kadyedwe, kukhala chete wina akamalankhula, kuthokoza. Kwathu kuno tingati ndi kusamba m'manja mkulu akatha kusamba, kapena kunena kuti "odi" usanafike pakhonde la mwini. Munthu akanenedwa kuti alibe manners, chitonzo chimafika kwa amene adamulera.

Lachiwiri ndi etiquette, lochokera ku Chifalansa, kumene limatanthauzanso kapepala komata pa katundu. Awa ndi malamulo a malo ena ake: a m'khoti, a mu ofesi, a pa phwando la akuluakulu. Amasintha malo akasintha. Munthu wa kwa Nthache amadziwa pokhala amuna ndi pokhala akazi pamaliro, amadziwanso amene ayenera kuyamba kulankhula pabwalo la mfumu. Imeneyo ndiyo etiquette ya kumeneko. Wosaidziwa ndi mlendo chabe, si munthu woipa, ndipo mankhwala ake ndi kufunsa.

Lachitatu ndi polite. Muzu wake umatanthauza chinthu chosalazidwa, monga mphika umene woumba waukulungiza ndi mwala. Liwuli limanena makamaka za kalankhulidwe kosalala, kosakhumudwitsa womva. Koma tizindikire kuti limakamba za kunja kokha. Mwini Chingerezi angathe kunena kuti munthu adali polite, pamene akutanthauza kuti adalankhula bwino koma mtima wake udali kutali.

Lachinayi ndi courteous, kapena courtesy. Lidachokera ku liwu lotanthauza bwalo la mfumu, ndipo poyamba linkanena za khalidwe loyenera m'nyumba za mafumu a ku Ulaya. Lero limaposa polite chifukwa lili ndi ntchito mkati mwake: kupereka mpando kwa mayi wodwala m'basi, kunyamulira nkhalamba katundu, kudikira kuti wina adutse. Bwana akalemba m'kalata ya umboni kuti wantchito wake adali courteous, wamuyamika kwambiri.

Lachisanu ndi civil, lochokera ku liwu la Chilatini lotanthauza nzika. Ili ndi lozizira kuposa onse. Limatanthauza ulemu wochepetsetsa umene anthu okhala m'mudzi umodzi amapatsana kuti pasakhale ndewu. Anthu awiri amene adalimbirana malire a munda, koma akakumana ku chigayo amapatsana moni, amenewo ali civil. Choncho mwana wathu akauzidwa kuti akhale civil ndi mnzake wa pa ntchito, sadauzidwe kuti amukonde. Wauzidwa kuti asiye mkangano.

Lotsiriza ndi respect, limene muzu wake umatanthauza kucheuka n'kuyang'ananso. Ili ndilo loyandikira kwambiri ulemu wathu, pakuti limanena za mmene mtima ukumuonera munthu. Komabe pali kusiyana. Kwathu mkulu timamulemekeza chifukwa cha imvi zake tisanadziwe n'komwe ntchito zake, pamene ambiri olankhula Chingerezi amaona kuti respect munthu amaipeza ndi zochita zake.

Nanga mwana woleredwa bwino uja amalakwa pati? Nthawi zambiri amalakwa chifukwa ulemu wa Chichewa uli m'mafupa a chilankhulo. Tikati "ndipatseniko madzi", ulemu uli kale mu "ni" ndi "ko". Tikati "a Phiri abwera", munthu mmodzi tamuchulukitsa pomulemekeza. Chingerezi cha masiku ano chilibe "iwe" ndi "inu". Mfumu ndi mwana onse ndi you. Ulemu wake chimauika m'mawu oonjezera monga please, thank you, excuse me, ndiponso posandutsa pempho kukhala funso. Tsono mwana wathu akatembenuza "ndipatseniko" kukhala give me, ulemu wonse umatsalira m'njira, ndipo womva amamva lamulo. Chimodzimodzinso maso. Ife timaphunzitsa mwana kuzolika mkulu akamalankhula, koma mabwana ambiri oleredwa m'chikhalidwe cha Chizungu amayesa wozolikayo akubisa kanthu. Apa palibe woipa. Malamulo a malo ndiwo asiyana.

Kusiyanitsa kwa mtundu umenewu si kwachilendo kwa ife. M'madrasa athu timamva liwu la Chiarabu lakuti adab, limene Chiswahili chimati adabu, lonena za kachitidwe koyenera pa kudya, pa moni, ndi pa kulowa m'nyumba ya wina. Timamvanso lakuti akhlaq, lonena za chikhalidwe chokhazikika mkati mwa munthu. Imam al-Bukhari, amene adamwalira m'chaka cha 870, adasonkhanitsa buku lapadera la nkhani zimenezi lotchedwa Al-Adab al-Mufrad. Tikafanizira, manners, etiquette ndi polite ali mbali ya adab, pamene akhlaq ndi muzu umene zonsezi ziyenera kumerapo.

Apa ndipo pali chenjezo. Pakuti mawu ambiri mwa awa amayesa za kunja, munthu angathe kukhala nawo onse koma mkati mulibe kanthu. Amene amanyenga achinyamata kuti awapezera ntchito ndi mapepala ku Joni, n'kuwadyera ndalama za ng'ombe ya makolo awo, sabwera ndi mwano. Amabwera ndi moni wautali ndi mawu osalala. Makolo athu adaona kale zimenezi pamene adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kusalala kwa pakamwa si umboni wa kukhulupirika, monganso kulankhula mwachindunji si umboni wa chipongwe.

Choncho tikulangiza makolo kuti mwana asanakwere basi ya ku Mwanza amuuze zinthu zitatu. Choyamba, aphunzire malamulo a kumene akupita, ndipo asachite manyazi kufunsa. Kunena please ndi kuyang'ana bwana kumaso sikuchotsa kanthu pa ulemu wa kwawo. Chachiwiri, amvetsetse liwu limene wauzidwa asanakwiye, pakuti kudzudzulidwa pa etiquette si kutukwanidwa mtundu. Chachitatu, asayese munthu ndi kukoma kwa mawu ake, koma ndi lonjezo limene wasunga ndi ngongole imene wabweza.

Ndipo akadzabwerera, akadzadutsanso pa chipata cha Mwanza, akumbukire kuti agogo ake sadikira excuse me. Akudikira kuti agwade, apereke moni ndi manja awiri, ndi kufunsa za onse a pakhomo mmodzimmodzi.