Mphepo Yomwe Inakwiriritsa Mudzi wa Galtür

Ambiri mwa ife sitinachionepo chipale chofewa, koma mphepo timaidziwa. Mwera ukaomba masiku angapo, timapeza mchenga utaunjikana kuseri kwa bwato lomwe lili pamtunda. M'mapiri ozizira a ku Ulaya mphepo imachitanso chimodzimodzi, kungoti chomwe imaunjika kumeneko chimapha anthu.

Imakokolola chipale mbali ya phiri yomwe ikuomba n'kukachitula kuseri kwake. Pouluka, timibulu ta chipalecho timaphwanyika n'kukhala ngati ufa, ndipo tikatera timagwirana zolimba n'kupanga chibenthu chachikulu. Pansi pake nthawi zambiri pamakhala chipale chakale chosagwirana, chonga shuga. Poyang'ana pamwamba munthu sungadziwe kanthu. Koma pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, chibenthucho chikalemera chimang'aluka chokha, popanda wochiponda, kenaka chonse chimagumukira kumunsi nthawi imodzi.

Anthu a m'mudzi wa Galtür, m'dziko la Austria, anaziona izi mu February 1999. Mwezi umenewo kunagwa chipale chambiri zedi, ndipo mphepo yamkuntho inkachiunjika m'mapiri a pamwamba pa mudziwo, komwe sikukhala munthu. Misewu inatsekeka, alendo odzasewera pa chipale anasowa potulukira. Pa 23 February, cha m'ma 4 koloko masana, chipale chinagumuka paphiri n'kufika m'mudzi pasanathe mphindi imodzi. Chinagwetsa nyumba, ndipo anthu 31 anafa. Chomvetsa chisoni n'chakuti chinafika ngakhale mbali ya mudzi yomwe akatswiri ankati kulibe choopsa.

Wokwiririka ndi chipale amafunika kufukulidwa msanga, pakuti pakadutsa mphindi 15 zokha mpweya umayamba kumuthera. Koma tsikulo ndege za helikopita zinalephera kuuluka chifukwa cha mphepo yomweyo. Eni mudzi pamodzi ndi alendo anafukula okha abale awo ndi mafosholo usiku wonse, thandizo n'kufika m'mawa. Masana ake chipale china chinagumukira mudzi woyandikana nawo wa Valzur, n'kupha anthu 7.

Anthu a ku Galtür sanasamuke. Kumtunda kwa phiri anaikako mipanda yachitsulo yogwira chipale pomwe chimayambira kugumuka, ndipo pafupi ndi nyumba anamanga khoma lalitali mamita 345. Ku khomalo anagundikako nyumba yotchedwa Alpinarium, momwe alendo amakaonamo mbiri ya tsokali.